Kapinga Wopanda Mizu

Zoyamba kubwera kudzauona udzu uja zinali mbuzi. Zinalowera pampata wa kumpanda, zisanu, tonde patsogolo, zikuthamanga ngati zaitanidwa. Nanga mu Okutobala, Mangochi yense atauma gwa, mbuzi yake iti ingaone bwalo lili biriwiri chonchija n'kungodutsa? Tonde uja anaweramitsa mutu, n'kununkhiza, n'kuluma, n'kukoka. Anakokanso kachiwiri. Kenaka anadzutsa mutu n'kuwayang'ana Che Atumani m'maso ngati akuti, "Akulu, mwatani apa?"

Che Atumani sanazipirikitse mbuzizo. Funso la tondeyo ndi lomwe anali nalo iwonso.

Bambo amenewa anali atasamalira bwalo ndi maluwa pa loji ya Mayi Annette, panjira yopita ku Makokola, kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kapinga wakale wa pabwalopo anadzala okha, phata limodzilimodzi, atakamutenga panjinga ku Namwera. Anathira manyowa, analimbana ndi chiswe, anathirira mpaka msana kupindika. Koma mchenga wa kunyanja si dothi ayi. Chaka chilichonse dzuwa likakwiya, kapinga uja ankachita zigamba ngati mutu wa chipere, ndipo ochitira ukwati pamalopo ankadandaula kuti zithunzi sizikukongola. Mayi Annette, mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito wa ku Ntcheu, sanali munthu womva dandaulo kawiri. Anaitanitsa kapinga wa pulasitiki kwa mkulu wina wa ku Blantyre, dzina lake a Jeffrey.

Sabata imene a Jeffrey anabwera ndi antchito awo, Che Atumani anapempha tchuthi, ati akaone mlongo wawo wodwala ku Namwera. Kudwala kuti? Mlongoyo anali bwinobwino, akugulitsa tomato pamsika. Iwo sanafune kuona makasu akuzula kapinga wawo, basi.

Atabwerako, Mayi Annette anawaitanira pakhonde.

"Che Atumani, ine zobisa sindidziwa. A Jeffrey anena kuti udzu uwu sufuna munthu. Osathirira, osatchetcha, kungosesa basi. Loweruka lomaliza la mwezi uno tili ndi madyerero a ukwati wa Shamima, mwana wa a Jaffalie aja a sitolo ya zitsulo kuboma. Mukhalepo mpaka tsiku limenelo. Likadutsa tidzakhala pansi, tione ngati ntchito yanu ikadalipo."

"Ndamva, mayi."

Anamvadi, ndipo zinawapweteka. Ntchitoyo inali ndi kanyumba kake kuseri kwa loji, momwe ankakhala ndi mkazi wawo Tatu, amene aliyense ankamutchula kuti Abiti Wadi. Kutha kwa ntchito kunali kulongedza katundu, ndipo munthu wazaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi akagogoda pakhomo la yani kufuna ntchito ina?

Komatu Che Atumani anali ndi nthenda imodzi yosachizika, kufuna kudziwa. Wailesi ikafa ankaitsegula. Pampu ikalira mwachilendo ankaiyika khutu. Ndiye ngakhale mtima unali kuwawa, mbuzi zitachoka anagwada pa udzu uja n'kuyamba kuufufuza. Anausisita, unali wofewa ukamautsata, wolimba ukamaubweza. Anaununkhiza, fungo lake ngati beseni latsopano. Anatukula kumphepete n'kusuzumira kunsi: chinsalu chakuda, cholimba, chokhala ndi timabowo m'mizere. Muzu ngakhale umodzi, ng'o!

"Ndiye waima bwanji wopanda mizu?" anadzifunsa.

M'mawa wotsatira miyendo inawatengera yokha kumpopi. Anazindikira kuti akuthirira pulasitiki paipi ili kale m'manja, madzi ali waa. Fanwell, wophika wa pa lojipo, anatulutsa mutu pawindo la kukhitchini n'kufa nazo nseko.

"Madala! Muthirenso feteleza, mwina abereka mabeseni!"

Che Atumani anachita manyazi n'kutseka mpopi. Koma popinda paipi, poti anali osavala nsapato, anamva kanthu kumapazi. Pouma panali potentha kale ngakhale dzuwa linali lisanakwere kwenikweni, pamene ponyowa panali pozizira bwino. Anaponda apa, n'kuponda apo, n'kuzisunga mumtima osauza munthu.

Tsiku lomwelo ndi pomwe anapeza mchenga. Ankatola masamba a mango, ndiye tsamba lina litakanirira anapatula udzuwo ndi zala. Ha! Pansi pake panali mchenga woyera mbee, wosalala, wodzaza mpaka pakati pa udzu. Anapatula pena, mchenga. Pakona, mchenga. Bwalo lonse!

Koma anthu a m'tauni, abale! Kubwera ndi galimoto, kudya chambo cha Fanwell masiku atatu, n'kuchoka osasesa pomwe agwira ntchito? Kwa Che Atumani chinthu chija chinali mkeka waukulu basi, ndipo kuno kunyanja mwana aliyense amakula akudziwa kuti mkeka amaukutumula. Mlendo akakhala pamkeka wamchenga, manyazi ndi a mwini nyumba. Kumzikiti nako, ndani angalole kapeti kuchita lekeleke kumapazi? Ndiye mumtima munabwera kachimwemwe. Anthuwa akuti udzuwu sufuna munthu? Nayi ntchito, yoti munthu n'kutuluka nayo thukuta.

Tsache silinathandize, linkangodutsa pamwamba. Anakatenga burashi yolimba yokwechera kubafa, n'kuimangirira kumtengo wautali. Ankakwecha kagawo kamodzi, mchenga n'kutuluka, iwo n'kuukokera kumphepete, n'kuwolera m'thumba. Kuyambira akangoswali m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka, sabata ziwiri zathunthu. Mchengawo sanataye, poti Che Atumani sataya chinthu, ngakhale msomali wopindika. Anati udzathandiza popaka pulasitala, ndipo matumba makumi awiri ndi atatu anawasanja bwinobwino m'chipinda chosungira makasu.

Mayi Annette ankawaona ali pakhonde, n'kumagwedeza mutu mokhutira. "Koma ndiye mukulimbikira, Che Atumani. Fumbi lonseli limachokera kuti?"

"Anasiya alendo anu a ku Blantyre aja, mayi," iwo anayankha monyadira.

Sabata yachitatu udzu unayamba kugona. Poyamba panali panjira yopita kumadzi pomwe alendo ankadutsa, kenaka pomwe panakhala mipando, kenaka paliponse. Unangoti lambalala, kunyezimira ngati tsitsi lopaka mafuta ambiri. Che Atumani ankaudzutsa ndi burashi, munthu akangopondapo n'kugonanso. Lolemba kunawomba mphepo yamphamvu kuchokera kunyanja, ndipo chinsalu chonse chija chinafufuma n'kuchita makwinya. Mlendo wina wa ku Lilongwe anakodwa pakhwinya n'kugwa chafufumimba, mbale ya chipisi uko, magalasi uko.

Mayi Annette anapsa mtima zenizeni. Anaimbira a Jeffrey kasanu, foni osayankhidwa. Ataimba ku ofesi kwawo anauzidwa kuti bwanayo ali ku Chiponde, akudikira katundu pachipata, abwerako mawa.

"Wandigulitsa chinthu chachabechabe munthu ameneyu!" anakalipa mayiwo. "Mwezi sunathe n'komwe! Mawa ndimuuza adzachotse chinsanza chakechi, ndipo aliyense wa loji kuyambira kuno mpaka ku Monkey Bay amva za iye. Madyerero aja tichitira m'holo. Akatha, Che Atumani, mudzalenso kapinga wanu uja. Ndinalakwa ine."

Mawu okoma chotere Che Atumani anali asanawamve chaka chonsecho. Anapita kunyumba madzulo amenewo akuyenda ngati mnyamata, mpaka Abiti Wadi, amene ankasankha mpunga pakhonde, anadabwa.

"Bambo a Ajira, mwatola chiyani kunjira?"

"Ntchito yabwerera! Pulasitiki uja akukamutaya."

Anawerama kuti avule nsapato, ndipo maso awo anagwera pa chopondera cha pakhomo. Chinali chidutswa cha udzu womwe uja, chotsala podula, chimene Abiti Wadi anatola kudzala n'kuyala pakhomo. Anthu ankachiponda tsiku lonse, nkhuku zinkachipalasa, mtondo unkakhala pomwepo. Koma udzu wake unali chilili, uliwonse njo, ngati wangobwera kumene.

Che Atumani anakhala pansi, nsapato imodzi ili kuphazi.

"Abiti Wadi, ichi mumachisamala bwanji?"

"Kusamala? Ine ntchito ndilibe? Chiyalireni sindinachikutumuleko n'kamodzi komwe. Ngati mukufuna kundinena za mchenga, nenani."

Anapatula ndi zala. Mchenga unali thoo, wa kumapazi a anthu. Anachinyamula chidutswacho, chinali cholemera. Anachikutumula pamtengo mpaka fumbi kutha, n'kuchiyala, n'kupondapo kangapo. Udzu unagona lambalala. Anatapa mchenga wouma pabwalo, n'kuwaza, n'kusisita ndi dzanja mobweza kuti ulowe. Anapondanso. Udzu unadzuka.

Anabwerezanso katatu, mkazi wawo akuwayang'ana ngati apenga. Kenaka anagwira kukamwa.

"Mizu yake ndi mchenga uja," anatero ndi mawu otsika. "Sanaiwale kusesa anthu aja. Anachita kuthira dala. Ndiye ine ndazula wonse, ndi burashi ya kubafa."

Abiti Wadi anaika lichero pansi. Anali mayi wochenjera, sanachedwe kuona pomwe nkhani yagona.

"Akudziwa ndani?"

"Inu ndi ine."

"Ndiye tsekani pakamwa, bambo a Ajira. A Jeffrey akadzabwera adzakangana okhaokha ndi Mayi Annette, inu muli phee. Mukakaulula, pulasitiki akhala, inu ndi amene muchoke, ndipo muchoka ndi mbiri yoti munawononga katundu. Tikalowera kuti? Kwa mwana wathu Ajira, m'chipinda chimodzi ndi ana ake anayi?"

Sananame mayiwo, ndipo Che Atumani anachita mantha. Anaganizako za a Jeffrey, munthu wosalakwa amene dzina lake linali pafupi kuipa nyanja yonse, ndipo zinawavuta mumtima. Koma tinene zoona, a Jeffrey sankawadziwa n'komwe nkhope. Chimene chinawasowetsa mtendere kwambiri chinali china: kodi bwalo lonse lija, lalikulu chonchija, lingadzukedi ngati kachidutswa aka? Funso limeneli linkawayabwa ngati chitedze. Abiti Wadi anawayang'ana nkhope n'kupumira m'mwamba, poti zaka makumi atatu za banja zinali zitawaphunzitsa.

"Ndakuonani kale. Mupita kukanena."

Lachiwiri m'mawa, Mayi Annette akutuluka ndi foni m'manja, anapeza Che Atumani ataima pakati pa bwalo ndi wilibala, thumba limodzi lili momwemo.

"Mayi, musanaimbe, taonani kaye."

Anawaza mchenga pamalo okula ngati chitseko, n'kuukwecha ndi burashi mobweza, pang'onopang'ono, mpaka wonse unalowa. Pakati pa bwalo logona paja panaima kagawo kamodzi kobiriwira, chilili. Anapondapo ndi mapazi onse awiri, n'kuchokapo. Sikanagone.

"Mwapanga bwanji?" anafunsa mayiwo, maso ali tong'o.

"Ndabwezera zomwe ndinachotsa. A Jeffrey sanalakwe, mayi. Mchenga uja ndi umene umaimika udzuwu, ndiponso ndi umene umaupsinja kuti mphepo isaunyamule. Ine ndinkayesa uve. Matumba makumi awiri ndi atatu ali mosungira makasu."

Ngakhale Fanwell, amene anali pawindo monga mwa masiku onse, sanaseke. Mayi Annette anavula magalasi, n'kuwavalanso.

"Sabata ziwiri! Ine n'kumakuyamikirani tsiku ndi tsiku, inu mukundigwetsera bwalo! Mlendo wanga mpaka kugwa! Ndikanamunyoza munthu wosalakwa dziko lonse chifukwa cha inu!" Anapuma kaye, n'kuwayang'anitsitsa monga ankayang'anira ana a sukulu. "Dzulo ndinakuuzani kuti mudzalanso kapinga wanu. Mukudziwa kuti mukanangokhala chete zikanatero?"

"Ndikudziwa, mayi."

"Nanga mwaneneranji?"

Che Atumani anakanda kumutu. "Munthu uja sanalakwe. Komanso, mayi, ndimafuna ndione ngati lonseli lingadzuke."

Mayiwo anaika foni m'thumba la diresi.

"Loweruka si kutali. Lidzuke."

Ntchito yake inali yoswa msana. Matumba ena anali atachita chinyezi, ndipo mchenga wonyowa unkangokhala pamwamba m'mibulu osalowa, choncho anayamba auyanika pamalata akale. Anausefa ndi sefa ya ufa ya Abiti Wadi kuti achotse masamba ndi timiyala. Mayiwo anadandaula za sefa yawo tsiku lonse, koma ndi iwo omwe ankasefa. Che Atumani anakoka chinsalu chija kuti makwinya athe, n'kuyamba kuwaza kagawokagawo, pang'ono pokha, kukwecha mobweza, kuwazanso. Akathira wambiri nthawi imodzi udzu unkakwiririka, akathira wochepa unkagona. Pofika Lachinayi dzanja linali litadziwa muyeso wake lokha. Fanwell naye anatuluka m'khitchini n'kugwira wilibala, ati kuti aone mapeto a misala imeneyi. Lachisanu masana bwalo lonse linali chilili, ndipo Che Atumani analizungulira kawiri osalankhula, akumwetulira okha.

Loweruka kunatentha koopsa, kopanda ndi kamphepo komwe. Mwambo womanga ukwati wa nikaha utachitika kumzikiti m'mawa, anthu anafika pa loji dzuwa lili paliwombo, magalimoto ndi njinga zamoto mpaka kumsewu. Shehe ndi akuluakulu anati aswali kaye asanadye, pabwalo lokongola lomwelo. Mkulu wina anavula nsapato n'kupondapo. Mayo! Anadumpha ngati waponda khala. A Jaffalie, bambo a mkwatibwi, anayesa nawo n'kubwerera msangamsanga, nkhope itasintha. Mayi Annette anangoti kakasi.

Che Atumani anali kale kumpopi. Anakoka paipi n'kuyamba kuwaza madzi bwalo lonse, anthu akuwayang'ana, ena akunong'onezana kuti mkuluyu mutu sukuyenda, akuthirira pulasitiki. Madzi analowa m'timabowo tija osasiya matope. Patapita kanthawi anavula nsapato zawo, n'kuyenda pakati pa bwalo, n'kutembenuka.

"Bismillah, Shehe. Yalani mikeka."

Anaswali bwinobwino. Madyerero ali mkati anawazanso kawiri m'mbali mopanda anthu, ndipo ana anagubuduzika pa udzupo mpaka madzulo. Fanwell podutsa ndi mbale za mpunga anawagunda ndi chigongono. "Madala, za feteleza zija ndabweza."

Lamulungu m'mawa bwalo linali ngati pamsika. Mpunga, mafupa a nkhuku, zotsekera mabotolo, chingamu chomatirira. Pomwe panatayikira zakumwa panali nyerere zakuda bii, ndipo pomwe panaima tebulo la akwati udzu unali utagonanso. Che Atumani anali chogwada ndi beseni la madzi a sopo, akuchotsa chingamu ndi kampeni, pamene anaona mapazi a Mayi Annette ataima pambali pawo. Ukwati unali utadutsa, ndipo tsiku lokhala pansi lija linali limeneli.

"A Jeffrey anaimba dzulo," anatero mayiwo. "Ndawafotokozera zonse. Aseka mpaka kutsokomola. Akuti mchengawo uziwonjezeredwa ukachepa, ndipo burashi izidutsa sabata iliyonse. Ndawafunsa kuti nanga bwanji ananena kuti sufuna munthu, ayamba zoti netiweki ikuvuta, sakundimva."

Maso a Che Atumani anali pa kanthu kena kumphepete kwa bwalo, pafupi ndi mpopi, pomwe madzi ankadontha. Pakati pa udzu wa pulasitiki panali timasamba titatu tosiyana mtundu, tofewa, totuwirako. Anatigwira ndi chala n'kutizindikira nthawi yomweyo. Anali kapinga wawo wa ku Namwera, amene anatsalira pansi, n'kupeza kabowo, n'kutulukira.

Mayi Annette anawerama n'kuona nawo.

"Ameneyo akasiyidwa ang'amba chinsalu," anatero.

"Ang'ambadi, mayi."

"Ndiye mukudikira chiyani? Zulani."

Anatukula mphepete mwa chinsalu, n'kulowetsa kampeni pansi, n'kudula mozungulira mosamala kuti mizu isaduke. Phatalo linatuluka ndi dothi lake, laling'ono lokwana m'chikhatho. Anayang'ana mulu wa zinyalala mu wilibala, koma dzanja linakana kuponya. Anangokhala chogwada, atalifumbata.

Mayi Annette anawayang'ana kanthawi, kenaka anakonza magalasi awo.

"Kuseri kwa nyumba yanu kuja malo alipo. Kadzaleni kumeneko, pofika chaka chamawa adzakhala atayanga. Koma muzimuthirira mukamaliza wangayu, mwamva?"

Che Atumani anaimirira, phata lili m'manja, n'kulunjika kuseri kwa loji akuitana Abiti Wadi kuti abweretse khasu ndi madzi.